Woflasha Sayankhidwa

Mpaka lero ndikamva nyimbo za Khirisimasi zikulira m'magolosale a pa Mitundu, mutu umayamba kundiwawa. Anzanga Disembala amamukumbukira ndi mpunga wa nkhuku ndi zovala zatsopano za ana. Ine ndimamukumbukira ndi foni yolira kamodzi n'kuduka.

Nthawi imeneyo ndinali woyang'anira ofesi yothandiza makasitomala ya kampani ina yogulitsa masola, aja a kabatire kamodzi, timababu ndi potchajira foni. Likulu la kampaniyo linali ku Lilongwe. Ife anatiika m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika wa Mitundu kuti tizisamalira onse ogula, kuyambira m'midzi yozungulira pompo, m'maesiteti a fodya, mpaka kukafika ku Nathenje. Munthu sola yake ikazima ankaimbira ife. Ndati ankaimba? Ndanama. Ankaflasha.

Kuflasha aliyense amakudziwa kwathu kuno. Mayunitsi ulibe, kapena uli nawo ochepa oti sungawamwaze, ndiye umaimba, foni ya mnzako ikangolira kamodzi iwe n'kudula. Mnzakoyo amadziwa kuti ukumufuna, ndipo amaimba ndi iyeyo. Lamulo lake palibe analilemba, koma ngakhale mwana amalidziwa: wamng'ono amaflasha wamkulu, wosowa amaflasha wopeza bwino, ndipo woflasha sayankhidwa. Nanga pakati pa tenanti wa pa esiteti ndi kampani ya magalimoto olembedwa dzina m'mbali, wopeza bwino ndani? Choncho ntchito yathu tsiku lonse inali yobweza mafoni.

Oyankha mafoni anali awiri. Wina anali mayi wamasiye wa ku Nathenje, woimba kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo, wamkulu kuposa ine. Ana ake anawasiya ndi mng'ono wake kumudzi, iye n'kumachita lendi kachipinda pa Mitundu, ndipo mwana wake woyamba, wamkazi, anali ku sekondale yogonera komweko chifukwa cha ntchito yomweyi. Mayi ameneyu ndinkamukonda, koma abale inu, moni wake! Akaimbira kasitomala ankayamba ndi mmene adzukira, n'kufunsa za ana, n'kufunsa ngati mvula yagwa kumeneko, chimanga ngati chamera, agogo aja mwendo uli bwanji. Za sola ankazifika ine nditaphwa kale ndi mkwiyo. Winayo anali mtsikana wongokwatiwa kumene, wachangu ndithu, kungoti mwamuna wake nayenso ankaflasha pa foni ya ofesi kufunsa komwe waika machesi. Panalinso mmisiri wathu, bambo wa njinga yamoto, amene ankayenda m'midzi kukonza zowonongeka. Ameneyo ukamufuna, ngati sanatitimire m'matope ndiye kuti ali pamaliro.

Disembala ndiye anali mwezi wa mavuto. Mitambo ikaphimba dzuwa mabatire sadzadza. Achibale akatsika m'tauni kudzadya Khirisimasi, aliyense ndi foni yake, ena awiri awiri, onse kufuna kutchaja pa kabatire kamodzi. Anyamata ankalumikiza zimasipika za pa ukwati ku kasola kopangidwira mababu, kakapsa n'kumati kampani inawagulitsa chinthu chabodza. Ndipo ambiri oflasha foni sinali yawo. Ukabweza umamva kuti, "Aaa, amene anaflasha uja wapita kukabandira, imbaninso dzuwa likapendeka." Ukaimbanso akuyankha mwana, mwini foni wapita kuchigayo.

Zonsezi tinkazipirira. Chimene chinatigwetsa chinabwera pa galimoto kumayambiriro kwa mwezi, bwana wathu wa ku likulu, atavala nsapato zoyera pakati pa matope a pa Mitundu. Anakhala pampando wanga n'kutsegula kompyuta yake.

"Mayi, ofesi yanu ndi yomaliza pa maofesi onse," anatero. "Makina athu akuonetsa kuti mafoni ambiri obwera kuno simuwayankha."

"Bwana, amenewo ndi oflasha. Onse timawabwezera."

"Ndikudziwa."

"Nanga ngati mukudziwa?"

"Ine ndikudziwa, koma makinawo sadziwa. Anagulidwa kunja. Kwa iwo foni yolira osayankhidwa ndi kasitomala wotayidwa. Akuluakulu anena kuti pofika chaka chatsopano zikapanda kusintha, ofesi ino atseka, mafoni onse azikayankhidwa ku Lilongwe."

Ndinamupempha kuti atipatse nambala yaulere, anthu aziimba osadyeredwa mayunitsi. Anati zimenezo kampani sinakonzekere, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, wofuna thandizo aziimba yekha. Kenaka anapereka lamulo: foni ikangoyamba kulira tiziyankha pompo, munthuyo asanadule.

Tili mkati mokangana, foni yake ya m'thumba inalira kamodzi n'kuduka. Anayang'ana, n'kumwetulira, n'kutuluka pakhonde kukaimba. Ndinamumva akuti, "Mwaswera bwanji amayi?" Atabwerera ndinalephera kudzigwira.

"Bwana, bwanji mayi anuwo simunawathamangire kuwayankha?"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mayi anga makina sawawerenga," anatero, n'kunyamula kompyuta yake kumapita.

Galimoto itachoka ndinawasonkhanitsa anzanga n'kuwauza zonse, za lamulo ndi za kutsekedwa kwa ofesi. Mtsikana uja anangoti chabwino. Mmisiri anati iye za mafoni sizimukhudza, koma ofesi ikatsekedwa njinga abweza kwa yani. Mayi wamasiye anapukusa mutu.

"Madamu, woflasha sayankhidwa. Kumeneko ndi kuba."

"Amayi, inenso ndinabadwira konkuno, musandiphunzitse," ndinatero. "Koma ofesi ikatsekedwa mwana wanu uja fizi amulipirira ndani? Makinawo?"

Ndinadziwa kuti ndamubaya pachilonda, ndipo ndinachitira dala, chifukwa nanenso mantha anali atandigwira.

Mmawa wake tinayamba ntchito yosaka anthu. Koma zinthu zake! Akuluakulu athunthu titakhala chete, chala chili m'mwamba pa batani ngati mphaka pa una wa mbewa. Mtsikana uja anazolowera msanga, moti ankagwira munthu foni isanamalize n'kulira koyamba komwe, n'kumadzitama kuti lero palibe wamupulumuka. Mayi wamasiye ankachedwa dala. Foni ikalira ankayamba wakonza kaye duku, kapena kufunafuna cholembera, mpaka iduke. Ndinachita kusamutsa mpando wanga kukakhala kumbuyo kwake. Tsiku lonse ndinkangoti, "Amayi, yalira! Amayi, dinani!" mpaka mawu anandithera. Pamapeto pake anagonja n'kuyamba kudina.

Apa ndi pamene panabuka china chimene ngakhale bwana sanachiganizire. Mayiyu kudina anaphunzira, koma moni sanasiye. Ndipo munthu wa kwathu kuno, mayi wamkulu akamupatsa moni, sangadule foni. Angayambe bwanji? Ndiye unkamva kasitomala mbali inayo akuyankha kuti tadzuka bwino kaya inu, ana ali bwino, mvula yagwa ndithu, uku mayunitsi ake akutha ngati madzi m'dengu. Asanafike n'pa nkhani ya sola pomwe, foni thii. Tikamuimbira ife pambuyo pake, sankafunanso za sola. Ankafuna kudziwa kuti tinamuyankhiranji.

Ndinamuuza mayiyo kuti akadina azingoti, "Dulani, tikuimbirani," basi. Anayesa. Koma pakamwa pake pankatuluka "Mwadzuka bwanji" iye asanadziwe n'komwe, ndipo akati akonze, ankayamba kupepesa, kupepesakonso n'kutalika kuposa moni uja. Mtsikana uja yekha ankatha kunena mwachidule, koma anthu ankabwera kudzadandaula kuti pa ofesi pali kamwana kamwano kolamula akuluakulu kudula foni. Ine pakati, uku bwana uku anthu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ndinavumbwa zenizeni.

Tsiku lina la msika kunabwera mayi wina atasenza batire pamutu, atalikulunga m'chitenje, miyendo ili matope mpaka m'maondo. Anali tenanti pa esiteti ina ya cha ku Nathenje, kwawo kwenikweni ku Mulanje. Sanapereke moni. Anatula batirelo patebulo mwamphamvu moti makapu a tiyi anadumpha.

"Amene anandiyankha uja ndi ndani?" anafunsa.

Mayi wamasiye anaimirira. "Mwina ndine, mayi. Takulandirani, khalani pansi."

"Sindikhala! Foni ija sinali yanga. Ndinabwereka kwa mnzanga woyandikana naye nyumba, ndinamulonjeza kuti ndingoflasha. Mayunitsi aja ankasungira kuti pa Khirisimasi alankhule ndi ana ake amene anawasiya kumudzi. Inu n'kuyankha. N'kuyamba kundifunsa za mvula! Mvula mukuiona inuyo siikugwa? Pano mnzanga uja sakundilankhula, akuti ndinaimbira chibwenzi. Timasoka fodya m'chigafa chimodzi, koma akumandifulatira. Ndinu anthu otani inu? Simunaleredwe?"

Mayi wamasiye, munthu woimba kwaya, amene pa Mitundu ponse ankadziwika ndi ulemu, anangoima manja ali kumbuyo akufunsidwa ngati analeredwa. Misozi inalengeza m'maso mwake. Ndinalowererapo n'kunena kuti lamulolo ndi la kampani, wolakwa si iyeyu. Mayi uja ananditembenukira.

"Kampaniyo ili kuti ndiilankhule?"

Kampaniyo nthawi imeneyo inali ku Lilongwe, nsapato zake zili zoyera. Mmisiri, amene mwamwayi tsikulo kunalibe maliro, anamukonzera batire lija pompo. Mayi wamasiye anatuluka mwakachetechete n'kukagula mayunitsi ndi za m'thumba mwake kuti mayi wa batireyo akamupatse mnzake mwini foni uja. Zinandipsetsa mtima kwambiri, munthu wolera ana yekha kumalipira zolakwa za makina, koma ndikanamuletsa bwanji?

Nkhani ya kumudzi siichedwa. Pasanapite nthawi, kuyambira pa Mitundu mpaka ku Nathenje aliyense anali atamva kuti kampani ya masola ija yatchera msampha, ukangoflasha ikugwira. Poyamba anthu anayesa kutiposa liwiro, kumadula foni isanalire n'komwe bwinobwino. Ataona kuti mtsikana uja sapikisana naye, anangosiya. Mafoni anati zii. Mmawa wina tinakhala mpaka tiyi kuzizira osamva kulira kulikonse, moti ndinaganiza kuti netiweki yavuta.

Anthuwo sanasiye kukhala ndi mavuto ayi. Anangosiya foni n'kuyamba kubwera okha. Sabata ya Khirisimasi khonde lathu linadzadza mpaka anthu kusefukira mumsewu. Njinga zakapalasa zitatsamira khoma, mabatire m'madengu, m'matumba a feteleza, ena kumsana ngati ana. Ena anachita kulawirira kuchokera ku Nathenje kudutsa njira za m'maesiteti, mvula ikuwamenya, kusiya minda yosabandira. Mayi wina wogulitsa mandasi anasamutsa beseni lake kumsika n'kudzakhazikika pakhomo pathu, bizinesi n'kumuyendera bwino kuposa kale. Mwini nyumba anabwera kudzafunsa ngati tatsegula chipatala.

Sitinagwirepo ntchito ngati sabata imeneyo. Mmisiri anayala zida zake pakhonde n'kumakonza dzuwa lonse osadya, maliro awiri anamudutsa osapitako, chinthu chimene mpaka lero sindichimvetsa. Mtsikana uja ankaika anthu pamzere, uku akukangana ndi azibambo ofuna kudumpha chifukwa akuti ndi amalume a mwamuna wake. Ine ndinkangozungulira, kupepesa uyu, kukalipira uyo, kufotokozera agogo ena kuti sola siyingayendetse ayironi ngakhale mdzukulu wawo wa ku Joni atanena. Mayi wamasiye ndiye anali pake. Aliyense ankamupatsa moni wathunthu, wa ana, wa mvula ndi wa chimanga, ndipo popeza sunkadyanso mayunitsi a munthu, anthu obwera atakwiya ankakhala pansi n'kuyamba kuseka. Ndivomere, popanda moni wake uja mawindo athu akanaswedwa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ifike Khirisimasi bwana anaimba, mawu ali mwaa.

"Mayi, mwagwira ntchito! Sabata ino palibe foni ndi imodzi yomwe yosayankhidwa. Mwachoka kumapeto mwafika pamwamba."

"Bwana, palibe yosayankhidwa chifukwa palibe akuimba. Anthu ali pakhonde pano, tabwerani mudzaone."

"Aaa, inu mumakonda kudandaula. Chachikulu makina asangalala. Khirisimasi yabwino!"

Ndinaika foni pansi osadziwa kuti ndiseke kapena nditukwane. Komabe mtima unatsika. Anatiuza kuti tikonze chinthu, tachikonza, kaya mwanjira yanji. Ndinawauza anzanga kuti ofesi yapulumuka. Mayi wamasiye anawomba m'manja n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya pomwepo, makasitomala a pakhonde n'kumavomera osadziwa n'komwe chimene tikukondwerera. Masana omwewo anakagula shuga, mpunga ndi nsapato zatsopano za kusukulu za mwana wake uja, n'kukwera njinga ya kabaza ulendo wa ku Nathenje, katundu ali pamiyendo.

Chaka chatsopano chitangolowa, galimoto ija inaimanso pakhomo. Ulendo uno bwana sanakhale pampando wanga. Anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pansi.

"Akuluakulu aona kuti ku Mitundu mafoni ndi ochepa kwambiri," anatero. "Akuti palibe chifukwa cholipirira lendi ndi anthu anayi pamalo popanda ntchito."

Ndinamufunsa kuti, "Popanda ntchito?"

"Makina akutero."

"Bwana, munatiuza kuti tiziyankha oflasha. Tinawayankha. Anathawa foni n'kubwera ndi miyendo. Khonde ili linadzadza mpaka mumsewu, ndinakuitanani kuti mudzaone, munakana. Lero mukuti kulibe ntchito?"

"Khonde makina saliona, mayi."

Pamenepo ndiye ndinayankhula. Zimene ndinanena sindingazilembe zonse, chifukwa zina si za munthu wopemphera. Ndinamuuza kuti walira mvula walira matope, matope ake ndi amenewa, koma akuponda ndife, iye nsapato zili mbee. Ndinamuuza kuti akawatenge makinawo awakweze njinga yamoto akakonze batire ku Nathenje. Sanandibwezere mokalipa. Anati nayenso zamupweteka, anayesa kuwafotokozera koma sanamumvere, ndipo mwina ankanena zoona. Koma zoona zakezo sizinalipire fizi ya mwana wa munthu. Anandisiyira ine ntchito youza anzanga, iye n'kukwera galimoto.

Mtsikana uja analira mokweza n'kuimbira mwamuna wake. Mmisiri anatukwana, n'kufunsanso za njinga. Mayi wamasiye tsikulo anafika mochedwa kuchokera ku Nathenje chifukwa cha matope, atanyamula kabeseni ka bowa koti andipatse ine. Ndinadikira akhale pansi. Ndinamuuza mosazungulira, chifukwa ndikanazungulira ndikanalira ndine.

Anayang'ana foni ija patebulo. Ndinkafuna andikalipire, andikumbutse kuti ananena kale kuti ndi kuba. Akanatero mwina ndikanapepukidwa. Koma anangoti, "Zikomo madamu, tamva." Anachotsa chitenje chimene ankayala pampando wake, n'kuchipinda bwinobwino. Bowa uja anandisiyirabe, n'kundiuza kuti ndisachedwe kuphika, sachedwa kuwonongeka.

Achinyamata ena amene akuyamba ntchito zoterezi amandifunsa kuti ndinaphunzirapo chiyani pa zaka zoyang'anira anthu. Amayembekeza kuti ndiwauza za kugawa matchuthi ndi kuleza mtima ndi kasitomala wolusa. Zimenezo n'zosavuta, aliyense amaziphunzira yekha akatukwanidwa kangapo. Ine ndimawauza kuti bwana akakupatsa lamulo lolimbana ndi khalidwe la anthu ako, umufunse kaye kuti anthuwo akasintha njira adzawaona ndi chiyani, ndipo usachoke pamaso pake asanayankhe. Ndimawauzanso kuti wantchito amene akukuchedwetsa ndi moni usamuthamangire kumuwongola. Amangondiyang'ana ngati ndayamba kukalamba.

Ine ndinapeza ntchito pa sitolo ya mbewu ndi feteleza pa Mitundu pomwepa. Mayi wamasiye uja anabwerera ku Nathenje, akugulitsa tomato ndi anyezi m'mphepete mwa msewu waukulu, kuthamangira maminibasi akaima. Mwana wake sanabwererenso ku sukulu yogonera ija. Anamaliza pa sekondale yoyendera ya pafupi ndi kwawo, ndipo nsapato zatsopano zija anathera nazo m'njira ya matope yopita kumeneko. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawabe ngati zachitika dzulo.

Chaka chilichonse mmawa wa Khirisimasi foni yanga imalira, ndikayang'ana ndi mayi wamasiye uja. Choseketsa n'chakuti chala changa chinazolowera zoipa, chimadumphira pa batani chisanandifunse. Ndimachita kuchigwira ndi dzanja linalo, n'kudikira mpaka foniyo iduke yokha. Kenaka ndimaimba ine. Amayamba ndi mmene ndadzukira, n'kufunsa za ana, za mvula, za chimanga ngati chamera, ndipo sindimudula mawu ngakhale mpunga ukupserera pamoto.